Mpiru umene sitinauphike

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda amalume anga, a Lameki Ngozo, alongo awo a mayi anga. Kunyumba kwawo sikunachitike mwambo uliwonse. Ana awo awiri ali kutali, wina ku Joni wina ku Blantyre, ndipo za chiliza akuti adzaziona akadzapeza mpata. Ine ndangoti ndikhale pansi ndiwalembe, chifukwa pali mawu amene ndinawayankha tsiku lina kuseri kwa khitchini yawo, ndipo mpaka lero mawuwo sanandichoke pakhosi.

Amene anawadziwa zaka zawo zomaliza amakumbukira kamdala kakafupi, ka miyendo ya matewe, koyenda ndi makeni awiri othirira. Chitsime chawo anachikumba okha kumapeto kwa dambo, patali ndithu ndi dimba lawo, ndipo njira yake inali yokwera. M'mawa uliwonse ankatsika ndi makeni opanda kanthu n'kukwera nawo odzaza, kutsika, kukwera, mpaka dzuwa litafika pamutu. Majombo sankawafuna, ankati amawaphika mapazi. Ankayenda okha, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene ankaiiwala pakati n'kuiyambiranso. Anthu a m'madimba oyandikana nawo akawaona akubwera ankawerama n'kumapalira pamalo opalira kale. Ndiwo zawo zinali zomvetsa chisoni: mpiru wa timasamba ting'onoting'ono, repu wofiirira m'mbali, tomato ngati mazira a njiwa. Mlendo akanawaona akanati mdalayu ulimi anauyamba dzana.

Komatu ameneyo ndiye anatiphunzitsa tonsefe.

Kwathu kuno, mukapitirira Biriwiri, kuli kamsika ka m'mbali mwa msewu, ndipo kumunsi kwake kuli dambo lathu la madimba. Kamtsinje kathu kamaphwa chilimwe chikangofika. Koma pali madzi ena amene saphwa chaka chonse. Amachokera kumabafa a pamsika, kumalo ogona alendo, kumene anyamata a kanyenya amatsukira matumbo a mbuzi, ndiponso, tingobisiranji, kuzimbudzi zikasefukira. Onsewo amakumana m'kangalande kamodzi n'kutsikira kudambo. Kale madzi amenewa ankangotayika m'mabango. Amalume ndi amene anaona kuti pamene adutsa, bonongwe amamera wofika m'chiuno. Anatenga khasu n'kuwakokera m'dimba mwawo.

Chaka chimenecho mpiru wawo unali nkhani. Tsamba limodzi linkakwana kufunda mvula. Amayi ogula zopikulitsa ankachokera ku boma ndi ku Kandeu kudzalimbirana, ena mpaka kutukwanana pamaso pawo, iwo akungoseka. Chaka chotsatira a Kachingwe, a dimba loyandikana nalo, anapempha kuti awapatulireko. Kenako wina, kenako wina, mpaka dambo lonse linali pa ngalande ya a Ngozo. Ine nditakwatiwa anandipatsa kachigawo kumunsi, n'kundikumbira okha kanjira ka madzi.

Musaganize kuti anali munthu wauve. Ayi. Anali ndi nzeru zawo, ndipo ankazikhulupirira kuposa katekisimu. Pamene ngalande inkalowera m'dimba mwawo anakumbapo maenje atatu otsatana. Dzenje loyamba linali lakuda bii, la thovu, fungo lake lobweza munthu. Lachiwiri linali lotuwa. Lachitatu madzi ake anali mbee, mchenga n'kumaoneka pansi. Iwo ankati madzi akapuma katatu atula katundu wawo yense. Ndipo mboni yawo inali timbululu, tiana ta achule tija. Ankati kanthu kofewa chonchija sikangakhale m'madzi oipa, ndiye ngati timbululu tikusewera m'dzenje lachitatu, munthu wa mafupa aopenji. M'mawa uliwonse ankagwada pamenepo n'kumatisuzumira monga mmene ena amaonera ng'ombe m'khola. Madzi a dzenje lachitatu ankathirira nawo, ankatsukira tomato wopita kumsika, ankasamba nawo kumaso, ndipo akazi awo, azakhali Namaseko, ankatsukiramo ndiwo zokaphika kunyumba.

Tsiku lina anabwera alangizi a zaumoyo, mayi wachitsikana wa njinga yabuluu. Anatisonkhanitsa pansi pa mango wa amalume n'kufotokoza za njoka za m'mimba, za kutsekula, za tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakakamira pamasamba. Anayankhula bwino mwanayo, mwaulemu. Koma dambo lonse linali ndi mayankho okonzakonza. A Kachingwe anati moto umapha zonse, ndipo kwathu kuno palibe amene amadya mpiru wosaphika ngati mbuzi. Mayi wina anati zoyabwa za m'miyendozi n'za udzu. Wina anafunsa ngati alangiziwo abweretsa feteleza ndi mjigo, poti madzi amene akuwanyozawa ndiwo feteleza wathu. Wina anangoti njala ikapha munthu sailemba m'buku la kuchipatala. Amalume anadikira onse atsirize. Kenako anapita padzenje lachitatu, anatapa madzi ndi manja awiri, anachukucha m'kamwa n'kulavula.

"Mwanawe," anatero, "madzi amenewa ndinayamba kuwagwira iwe uli kumsana. Ndione. Ndafa?"

Tinaseka tonse mpaka misozi. Alangizi aja anakwera njinga yawo. Ine ndinaseka kuposa onse.

Chimene amalume sankadziwa n'chakuti tonse osekafe tinali ndi timabedi tathu kuseri kwa nyumba, tothirira ndi madzi a pamjigo. Palibe anauza mnzake kuti atero. Zinangoyamba. Mayi aliyense anali ndi kabedi kamodzi kapena tiwiri, ka mpiru wowonda, ndipo m'menemo ndi mmene tinkathyola zopatsa ana athu. Za kudambo zinali za kumsika. Ukamufunsa munthu ankati kudambo n'kutali, sangapite kukathyola ndiwo za chakudya chimodzi. Tonse tinkadziwa kuti si chifukwa chake, ndipo tonse tinkavomerezana kuti eya, n'kutali. Amalume timabedi timeneti ankationa, koma ankatiseka. Ankati ndi masanje a amayi aulesi. Chaka china azakhali Namaseko nawonso anafesa kawo pafupi ndi thandala la mbale. Amalume atakaona anapsa mtima zedi. Anati anthu akadutsa aziti chiyani, mkazi wa Ngozo kumalima tinthu tofiira ngati timeneti pamene mwamuna wake akudyetsa boma lonse. Anakafotsera ndi khasu. Azakhali, munthu wosakonda phokoso, sanafesenso.

Anakhala m'banja zaka zambiri awiriwa, akukangana tsiku ndi tsiku pa zinthu zachabe. Amalume ankati tiyi wazizira, azakhali ankati wazizira chifukwa mwini wake amalalikira mbuzi m'malo momwa. Zinali zoona. Mbuzi ikalowa m'dimba ankaitukwana ndi dzina la mwini wake, dzina ndi chiwongo chomwe, mokweza kuti mwiniyo amve ali kwawo. Koma madzulo aliwonse ankabwera ndi tomato mmodzi wosankha, wamkulu kuposa onse, n'kumuika pamwendo pa azakhali.

Azakhali anadwala m'chilimwe, nthawi ngati ino. Anayamba kutsekula Lachiwiri masana. Lachitatu anali atafooka moti kukhala tsonga ankalephera. Tinawakweza galimoto ya matola kupita kuchipatala, koma anatisiya tisanafike. Ngati anali madzi aja kapena china, palibe amene anganene motsimikiza. Mwezi umenewo anadwala anthu angapo, ena osakhudzana n'komwe ndi dambo. Alangizi aja amalume atawafunsa pambuyo pake, ananena zomwezo, kuti sangaloze chala. Ndikulemba izi kuti wina asadzati ndawanamizira.

Tsiku loika maliro, kutangocha, amalume anasowa pasiwa. Tinkaganiza kuti apita kumanda kukaona adzukulu mmene akukumbira. Patapita kanthawi tinawaona akukwera kuchokera kudambo, dengu lalikulu lili pamutu, mame ali chonyowetsa thalauzi. Munali mpiru wa bedi lawo lapamwamba kwambiri, wosankha tsamba ndi tsamba. Anadzatula pamene amayi tinkaphika.

"Anthu abwera ambiri," anatero. "Namaseko asachite manyazi. Phikani wonsewu, ukachepa ndikathyola wina."

Tinathokoza. Atachoka, amayi tinayang'anana. Pamphasa panali kale timitolo ta ndiwo timene aliyense anabwera nato kudzapepesa, ndipo panalibe ngakhale kamodzi kochokera kudambo. Tonse tinathyola kuseri kwa nyumba zathu. Ine, pokhala mwana wa pakhomopo, ndinanyamula dengu lija, ndinakaliika kuseri kwa khitchini n'kulivundikira ndi chiguduli. Tinaphika timitolo tija ndi nyemba.

Titabwera kumanda, anthu atadya n'kuyamba kubalalika, amalume anazungulira kuseri, mwina kufuna kukhala paokha. Ine ndinali komweko ndikutsuka mbale. Mbuzi inali itakoka chiguduli chija. Mpiru unali utafota ndi dzuwa, dengu lili lodzaza monga analibweretsera. Anaima pamenepo nthawi yaitali.

"Esinala," anandiitana. "Unachuluka?"

Ndikanavomera. Ndikanati eya amalume, ndiwo zinachuluka. Koma ndinali wotopa, ndinali nditalira masiku atatu, ndipo mumtima ndinali nawo mkwiyo. Ndinayankha osadzutsa mutu.

"Amalume, amene amadya lero ndi anthu athu."

Anafunsa motsitsa mawu, iwo amene mawu awo ankamveka tsidya lina la dambo.

"Nanga aja amagula kumsika ndi anthu a yani?"

Ndinatembenuza mbale n'kumaitsuka kunja.

"Nanga Namaseko anali wa yani?"

Ndinapitiriza kutsuka mbale yomwe ija. Iwo anawerama, anasenza dengu lawo, n'kutsika nalo kudambo pamaso pa anthu onse amene anali asanachoke.

Titasesa maliro, ntchito yoyamba imene anagwira inali yokwirira maenje aja. Anayamba ndi lachitatu. Anatseka kukamwa kwa ngalande kumbali yawo ndi miyala ndi dothi, madzi n'kumalambalala kupita kwa a Kachingwe ndi kwa enafe. Anazula zonse zimene zinali m'mabedi, tomato wakupsa yemwe, n'kuziunjika pakona kuti ziwole. Kenako anayamba kukumba chitsime chija, okha, munthu woti tsitsi linali litayera kale. Amuna anga anapita kuti akawathandize, iwo anawabweza.

Zikanathera pomwepo, anthu akanati ndi chisoni cha umasiye, chidzatha. Koma amalume sanali munthu wosunga kanthu m'mimba. Atayambanso kupita kumsika ndi tindiwo tawo, wogula akadandaula kuti masamba ndi aang'ono, iwo ankayankha mokweza kuti ndi aang'ono chifukwa amamwa madzi a pachitsime. Wogula akafunsa kuti nanga aakuluwa amamwa chiyani, ankamulozera kangalande kaja n'kumuuza kuti akatsatire yekha kumene kakuchokera. Ogula ena anayamba kukwinya mphuno. Ogulitsa tonse tinasamutsa masaka athu n'kuwasiya okha pansi pa kamthethe.

A Kachingwe anawapitira kudimba, ndipo mkangano wawo tinaumva tonse.

"Munatiphunzitsa ndinu, a Ngozo! Khasu loyamba munaponya ndinu! Ana anu munawaphunzitsa sukulu ndi madzi omwewa, lero akula, ndiye mukufuna anga adye chiyani?"

"Ndinakuphunzitsani zolakwa. Ndikubweza."

"Mukubweza ndi chiyani? Mwabweretsa madzi ena? Ine ndikumbe chitsime kuti, pathanthwe?"

"Ana anu mumawapatsa za kudambo kuno?"

A Kachingwe anangoti kuyambira lero musadzandipatsenso moni, ndipo amalume anamvera. Kunena zoona, a Kachingwe sankanama. Pakhomo pawo pali pakamwa pambiri, ndipo mbali yawo ya dambo ndi ya miyala. Inenso sindinasiye ngalande. Ndimathirira nayo mpaka lero, ndipo kabedi kanga ka kuseri kwa nyumba kadakalipo. Sindikunyadira, ndikungonena.

Ndiye zaka zisanu ndi chimodzi zinatha amalume ali okha. Kutchalitchi ankakhala kumapeto kwa benchi, mpata wa munthu mmodzi uli pakati pa iwo ndi wotsatira. Bawo anasiya, poti anzawo a bawo anali a m'dambo omwewo. Mbuzi zokha ndi zimene ankayankhula nazo, koma anasiya kuzitchula maina a eni ake. Tomato wamkulu wa tsikulo ankabwera nayebe madzulo n'kumuika pazenera. Ndikapita kukawasesera ndinkapeza atatu kapena anayi atandandalika pamenepo, ena atayamba kuwola.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Maliro aliwonse akagwa m'mudzi muno, amalume ankabwera ndi kamtolo ka mpiru wa pachitsime, komanga bwino ndi luzi. Ankadzakapereka kwa amayi ophika ndi manja awiri. Ife tinkalandira, tinkati zikomo a Ngozo, n'kukaika pambali. Tinkadziwa bwinobwino kuti ndiwo zoyera kuposa zimenezo m'mudzi monse mulibe. Koma kuphika mpiru wawo kukanakhala kuvomera pagulu kuti akunena zoona, ndipo panali amayi amene malonda awo anavulala chifukwa cha pakamwa pawo. Mmodzi akati ikani uko, ena tinkangopitiriza kuphika. Mwambo ukatha, amalume ankazungulira kuseri kwa khitchini ngati akufuna madzi osamba m'manja. Ankakapeza kamtolo kawo. Ankakatola n'kubwerera nako. Maliro otsatira ankabweranso ndi kena.

Miyezi ingapo asanamwalire ndinawapeza atakhala pansi pa mango, makeni ali pambali, akupuma movutika. Ndinawauza kuti achepetse mabedi, thupi latha.

"Ndikachepetsa, pa maliro anga mudzaphika chiyani?" anatero.

"Amalume, musamayankhule choncho."

"Ndafunsa, Esinala. Pa ine mudzaphika, kapena ndidzaupezanso kuseri?"

Ankaseka ponena zimenezi, koma maso sanaseke. Ine ndinati taonani mbuzi yalowa uko, n'kuthamangira mbuziyo. Mbuzi inalipodi, koma sinali yofulumira choncho. Limenelo linali funso lachitatu limene ndinalephera kuwayankha.

Anagwa panjira ya kuchitsime chakum'mawa, mu Okutobala wa chaka chatha. Anawaona ndi a Kachingwe, ndipo ndi omwewo anawabereka kukafika nawo kumsewu. Kuchipatala anakhalako masiku anayi osayankhula, lachisanu anapita.

M'mawa wa tsiku loika ndinatenga dengu lija, lomwe lija, n'kutsika kudambo. Ndinali nditaiwala kuti masiku onsewo panalibe wothirira. Aliyense anali kuchipatala, kapena pasiwa, kapena m'dimba mwake. Dzuwa la Okutobala silidikira munthu. Mabedi onse anali atagona, masamba ouma ngati fodya. Kabedi kamodzi kokha, kamene mthunzi wa mango umakafika masana, kanali ndi moyo. Ndinathyola tsamba lililonse limene likanadyeka. Silinadzaze ngakhale pansi pa dengu.

Nditafika pophikira, amayi anayang'ana dengu, anandiyang'ana ine. Akazi a a Kachingwe anandipatsa mpeni wawo. Ndinadula ndekha. Unakwana kapoto kakang'ono kamene amalume ankawiritsira tiyi. Pogawa, mbale iliyonse tinaikamo kachidutswa kongotsina, pambali pa nyemba. Mpiruwo unali wolimba, wowawirako, wokhwima ndi ludzu. A Kachingwe mbale yawo inafika ilibe, ndipo anatuma uthenga kuti awaikireko. Ndinakokota m'poto n'kuwapatsa. Anadya atawerama.

Anthu atayamba kubalalika ndinapezeka ndaima kuseri kwa khitchini, dengu lopanda kanthu lili m'manja. Sindikudziwa kuti ndinkadikira chiyani. Ndinaima pamenepo mpaka mbale zonse zinatsukidwa, koma wodzaona kuti taphika panalibe.

Dzulo ndinadutsa m'dimba mwawo. Mpanda wa mapesi unagwa ndi mvula yoyamba ndipo palibe anaudzutsa. Mizere ya mabedi ikuonekabe pansi pa udzu wouma. Keni imodzi ili pa nthambi ya mango pamene ankaipachika, yachita dzimbiri, inayo wina anaitenga. Njira ya kuchitsime yatsekeka ndi chisoso, chitsimecho chinagumukira mkati. Miyala imene anatsekera ngalande inakokoloka, ndiye madzi apezanso njira yawo yakale. Pamene panali maenje atatu paja dothi linatitimira, madzi akudikha pamenepo, ndipo timbululu tabwerera tambirimbiri. M'mbali mwake mwamera bonongwe wofika m'chiuno, wonenepa kuposa wa wina aliyense m'dambo monse. Tonse timadutsa pomwepo m'mawa ndi madzulo, koma palibe amene amathyola.